Dopamine ndi zolandirira zake muubongo: mafunso ndi mayankho

Ndimaona odwala kuno ku Kasungu, ndipo tsiku la kiliniki ya matenda a maganizo ndi limene mafunso amandichulukira. Ofunsa kawirikawiri sakhala odwalawo ayi, amakhala owaperekeza: mayi wa mnyamata, mkazi wa bambo, mdzukulu wa gogo. Pabenchi pamakhala anthu ambiri, ndiye yankho limakhala lachidule, munthu n'kubwerera ku Chamama kapena ku Santhe atamva theka la nkhani. Apa ndalemba mofatsa. Mafunsowa ena ndi a misala, ena a kunjenjemera kwa okalamba, ena a fodya ndi kachasu, koma onse akukumana pa chinthu chimodzi cha muubongo chotchedwa dopamine.

Dopamine ameneyu ndi chiyani?

Ubongo wa munthu uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni. Maselowa sanalumikizane ngati mawaya a magetsi. Pakati pa selo ndi linzake pali kampata kosaoneka ndi maso, ndiye selo likafuna kuuza linzake kanthu limalavulira timadzi m'kampatako. Timadzi totere tilipo ta mitundumitundu, dopamine ndi mtundu umodzi chabe.

Maselo opanga dopamine ndi ochepa kwambiri, safika n'komwe miliyoni imodzi, ndipo ambiri anaunjikana pakati pa ubongo cha kunsi. Koma nthambi zake zimayanga kutali ngati dzungu la pachulu. Thupi limadzipangira lokha dopamine kuchokera ku tyrosine, amene timamupeza mu nyemba, mtedza, soya, usipa ndi mazira.

Kale akatswiri ankayesa kuti dopamine alibe ntchito yakeyake. Mu 1957 Arvid Carlsson wa ku Sweden anapatsa akalulu mankhwala otchedwa reserpine, amene amakhuthula timadzi timeneti muubongo. Akalulu aja anangoti kwala, makutu atagwa, osasuntha. Atawabaya levodopa, chinthu chimene ubongo umachisandutsa dopamine, anadzuka n'kuyambanso kuyenda. Ntchito imeneyi inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2000.

Nanga zolandirira, zimene achipatala mumati ma receptor, ndi zotani?

Taganizani mthenga wa amfumu atakwera pachulu madzulo n'kufuula kuti mawa kuli kuumba njerwa za sukulu. Mawu ndi amodzi. Koma pakhomo lina bambo ayamba kufunafuna chikombole, pakhomo lina mwini wake watseka chitseko n'kuuza ana kuti mawa akanene kuti wadwala. Zochitika m'mudzimo zikudalira makutu amene amva, osati mfuu yokha.

Zolandirira ndi makutu a selo, timapuloteni tokhala pakhungu lake. Za dopamine zilipo mitundu isanu, D1 mpaka D5. Mu 1979 John Kebabian ndi Donald Calne ananena kuti zolandirirazi si za mtundu umodzi, n'kuzitcha D1 ndi D2, ndipo zitatu zinazo zinatulukiridwa mu 1990 ndi 1991. Zisanuzi zili m'mabanja awiri. D1 ndi D5 zikamva dopamine zimachulukitsa kanthu kena m'kati mwa selo kotchedwa cAMP, selo n'kukhala tcheru. D2, D3 ndi D4 zimakachepetsa, selo n'kufatsa. Zochuluka muubongo ndi D1, kenako D2. D2 zina zimakhala pa selo lomwelo lotulutsa dopamine, kuti lizimva mfuu yake yomwe n'kudziwa kuti basi, zakwana.

Chimodzi muchisunge, chifukwa tibwererako kutsogoloku: chiwerengero cha makutuwa chimasintha. Phokoso likachuluka masiku ambiri, selo limabweza makutu ena m'kati. Kukakhala zii nthawi yaitali, limameretsa ena owonjezera.

Chinthu chimodzi chingakhudze bwanji kuyenda, maganizo ndi mkaka wa m'mawere?

Chifukwa dopamine amayenda misewu inayi ikuluikulu, ngati mmene pano pa Kasungu pali msewu wa ku Lilongwe, wa ku Mzimba, wa ku Nkhotakota ndi wa ku Mchinji. Woyamba umachokera pamalo otchedwa substantia nigra kupita ku striatum, ndipo ndi woyendetsa thupi. Wachiwiri umapita ku nucleus accumbens, ndi wa chilakolako ndi kuphunzira zimene zili zofunika kuzitsata. Wachitatu umapita kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa chipumi, kumene munthu amakonza zochita ndi kusunga nkhani m'mutu. Wachinayi ndi waufupi, umatsikira ku kachiwalo kotchedwa pituitary, ndipo ntchito yake ndi kuletsa mkaka kupangika nthawi yosafunika.

Vuto lonse la mankhwala lagona pamenepa. Piritsi silidziwa msewu. Tikapereka mankhwala otseka D2 kuti tikhazike maganizo pansi, zimakhala ngati apolisi atchinga misewu yonse inayi pofuna kugwira galimoto imodzi.

Mwana wanga atabayidwa jakisoni wa misala khosi linapotoka, lilime linatuluka. Kodi si kulodzedwa kumeneku?

Ayi. Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wina wa cha ku Chulu ndi mwana wake wa zaka za m'ma 20, atamukweza pa kabaza. Khosi linali litapotokera kumanzere, maso atatembenukira kumwamba, lilime lili panja, dovu likuchucha pamalaya. Dzana lake anamubaya jakisoni pa chipatala china chaching'ono chifukwa ankalankhula yekha ndi kuchita ndewu, koma palibe anawachenjeza zimene zingatsatire. Mayiwo anali atamanga kale nkhuku yopita nayo kwa sing'anga.

"Adokotala, mwanayu amupotokola ndi anthu. Si za kuchipatala izi."

"Mayi, tapatseni ola limodzi lokha. Nkhukuyo ibakhala kaye."

Tinamupatsa mankhwala, ndipo ola lisanathe khosi linawongoka, mnyamata n'kupempha madzi akumwa. Nkhuku inabwerera kumudzi yamoyo.

Chimachitika ndi ichi. Pa msewu woyendetsa thupi uja, dopamine amakokana ndi timadzi tina totchedwa acetylcholine. Mankhwala ngati haloperidol, chlorpromazine ndi jakisoni wa fluphenazine akatseka D2, mbali ya acetylcholine imapambana, minofu n'kukungika yokha. Izi zimabwera m'masiku oyambirira, makamaka kwa anyamata. Benzhexol, amene ambiri amamudziwa kuti Artane, amafooketsa mbali yopambanayo. Kukungikako kukafika pakhosi munthu n'kumavutika kupuma, thamangani naye, musadikire kuche.

Zithunzi zojambula ubongo wa odwala zinaonetsa kuti pa zolandirira 100 za D2 ziyenera kutsekeka pafupifupi 65 kuti mankhwala agwire ntchito, koma zikapitirira 80 thupi limayamba kuuma. Mpata wake ndi wochepa ngati wa mchere wa m'ndiwo. Ndiye mukaona wodwala akuyenda ngati womangidwa, manja osagwedera, nkhope yosaseka, si kuti misala yakula. Mulingo wapitirira, ndipo ukhoza kutsitsidwa.

Palinso kusakhazikika. Wodwala amakhala pampando, kudzuka, kuzungulira nyumba, kupondaponda pamalo amodzi. Achibale amati matenda abwerera n'kumuwonjezera piritsi, pamene piritsilo ndi limene likumuvutitsa. Mufunseni. Adzakuuzani kuti miyendo ndi imene ikumukana kukhala.

Amene amwa mankhwalawa zaka zambiri ena amayamba kutafuna popanda chakudya, kunyambita milomo, kutulutsa lilime. Mwa zina, apa ndi pamene maselo aja ameretsa makutu owonjezera atakhala nthawi yaitali osamva dopamine. Zimenezi benzhexol sathandiza, amatha kuzikulitsa, ndipo zikachedwa kuonedwa zimatha kukhalirira. Nenani msanga.

Choopsa kuposa zonse, ngakhale sichichitika kawirikawiri, ndi thupi kuuma gwa, kutentha kwambiri, thukuta, ndi kusokonezeka mutu. Kuno aliyense wotentha thupi timathamangira kunena kuti malungo. Ngati munthuyo ali pa mankhwala a misala, asamwenso lina, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mutchule mankhwalawo musanafunsidwe.

Ngati mankhwalawa ali ndi mavuto chonchi, mumaperekeranji?

Chifukwa amathandiza, ndipo amene anaonapo m'bale wake atamangidwa zingwe pamtengo sangafunse kawiri. Chlorpromazine anayamba kuperekedwa kwa odwala misala ku Paris mu 1952, haloperidol anapangidwa ku Belgium mu 1958, ndipo zaka zambiri madokotala ankapereka osadziwa kuti amagwira pati. Cha m'ma 1975 Philip Seeman wa ku Toronto ndi ofufuza ena anaonetsa kuti mphamvu ya mankhwala onsewa imayenderana ndi mmene amamatirira pa cholandirira chimene lero timati D2.

Pa matenda a schizophrenia, mtundu wina wa misala umene mu 2022 bungwe la WHO linati umagwira munthu mmodzi mwa anthu 300, ubongo umapanga ndi kutulutsa dopamine wopitirira muyeso ku striatum. Ntchito ina ya dopamine ndi kuloza chala kuti ichi n'chofunika, chiyang'ane. Akamatuluka popanda chifukwa, chala chimaloza paliponse. Anthu awiri akuseka pachigayo, ndiye kuti akuseka ine. Wailesi yatchula Kasungu, ndiye kuti ikulankhula ndi ine. Wodwala sakunama, kwa iye zinthuzo zikulemeradi choncho, ndipo maganizo amapeka nkhani yoti zigwirizane. Mankhwala amatsitsa chala chija. N'chifukwa chake tulo ndi bata zimabwera msanga, koma zikhulupiriro zachilendo zimatenga masabata kuti zizilale.

Chimene mankhwala akalewa sachita bwino ndi kubweza changu. Wodwala amene amangokhala pakhonde tsiku lonse, osasamba, osapita kumunda, kawirikawiri si ulesi. Msewu wa kuchipumi uja umakhala wofooka kale, ndipo kutseka D2 sikuudzutsa. Alipo mankhwala ena ngati risperidone ndi olanzapine amene saumitsa thupi kwambiri pa mulingo wochepa, ngakhale olanzapine amanenepetsa ndi kukweza shuga. Matenda akavuta timatumiza ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Za mapemphero ine sindiletsa, inenso ndimapemphera. Chimene ndimakana ndi kuuza wodwala kuti wachira, ataye mapiritsi. Ambiri amene ndawaona atabwereranso ndi zingwe anasiya mankhwala mwadzidzidzi atamva bwino miyezi ingapo.

Akazi anga ali pa mankhwalawa. Asiya kusamba ndipo mawere akutuluka mkaka. Ali ndi pakati?

Funso ili limabwera ndi mkwiyo, makamaka bambo akakhala kuti anali ku esiteti miyezi yambiri. Tiyeze kaye mkodzo musanaitane ankhoswe. Nthawi zambiri si mimba.

Ndi msewu wachinayi uja. Pituitary imapanga prolactin, amene amayambitsa mkaka, ndipo chimene chimaigwira dzanja masiku onse ndi dopamine kudzera pa D2. Mukatseka D2, prolactin amakwera, mkaka umatuluka, msambo umasokonekera kapena kusiya. Haloperidol ndi risperidone ndi amene amakonda kuchita zimenezi. Abambo nawo sasiyidwa: chilakolako chimachepa, mphamvu za m'nyumba zimatsika, ena mawere amatupa. Ambiri amachita manyazi kunena, amangosiya mankhwala mwakachetechete, ife n'kumadabwa kuti matenda abwereranji. Nenani, mulingo kapena mtundu wa mankhwala ukhoza kusinthidwa. Komanso kusasamba kumeneku musakutenge ngati njira yolerera, mimba ikhoza kubwerabe.

Mbali inayo iliponso. Bromocriptine ndi cabergoline amadzutsa D2, ndiye amaumitsa mkaka ndi kuphwetsa chotupa cha pituitary chotulutsa prolactin.

Mtsikana wanga sanamwepo mankhwala a misala, koma khosi linapotoka atamwa oletsa kusanza. Zikugwirizana?

Eya. Malo oyambitsa nseru kunsi kwa ubongo ali ndi D2, ndipo metoclopramide amaletsa kusanza potseka zimenezo. Nayenso sadziwa msewu. Ana ndi atsikana ndi amene amapotoka khosi kwambiri. Zimatha akasiya kumwa ndi kulandira chithandizo, koma zilembedwe m'buku lake la kuchipatala kuti asadzapatsidwenso.

Agogo dzanja limanjenjemera, akuyenda timapazi tating'ono. Ndi ukalamba basi?

Mwina ndi matenda a Parkinson, amene James Parkinson wa ku London anawafotokoza mu 1817. Mu 1960 Oleh Hornykiewicz wa ku Vienna anapeza kuti mu striatum ya anthu omwalira ndi matendawa munali dopamine wochepa kwambiri. Maselo a substantia nigra amafa pang'onopang'ono, ndipo pamene zizindikiro zikuoneka amakhala atafa kale pafupifupi theka kapena kuposa.

Kuti munthu anyamule phazi, ubongo umafunika zinthu ziwiri nthawi imodzi: kupalasa ndi kumasula buleki. Dopamine akafika pa D1 amapalasa, akafika pa D2 amamasula buleki. Akasowa, njinga imakhala yosapalasidwa, buleki ili chigwirire. Mphamvu m'miyendo zilimo, koma kuyamba ndi kumene kumakanika. Ndinaona gogo wina ataima pakhomo la chipinda choyezera, mapazi ngati amatidwa pansi, mdzukulu akumukoka dzanja. Nditajambula mizere pansi ndi choko n'kuwauza kuti aziidumpha, agogo analowa. Maso anathandiza pamene dopamine analephera. Kunyumba mukhoza kuchita chimodzimodzi ndi makala, kapena kuwawerengera mokweza.

Kunjenjemera kwa Parkinson kumayamba mbali imodzi, kumaoneka dzanja likangokhala pamwendo, chala chachikulu chikupekesana ndi chamkombaphala ngati munthu akupota chingambwe, ndipo kumachepa akatambasula dzanja kuti atenge kapu. Kunjenjemera kobwera pogwira kapu kapena supuni nthawi zambiri ndi kwa mtundu wina. Kwina ndi kwa mowa, kwa chithokomiro, kapena kwa mankhwala a mphumu. Zizindikiro zina zimatsogola zaka zambiri: kusamva fungo, kudzimbidwa, kumenya ndi kufuula kutulo.

Chimene chimandiwawa ndi nkhope. Matendawa amaumitsa nkhope, munthu saphethira kawirikawiri, mawu amatsika. Gogo wamkazi wokhala yekha, woyang'ana anthu osaseka, dzanja likugwedera ngati akuwerenga zinazake, m'mudzi amutchula msanga dzina loipa. Muhammad Ali, katswiri wa nkhonya uja, anapezeka ndi matendawa mu 1984, ndipo mu 1996 dziko lonse linamuona akuyatsa muuni wa Olimpiki ku Atlanta dzanja likunjenjemera. Palibe anamunena ufiti.

Bwanji osangowabaya dopamine weniweniyo?

Dopamine wa m'botolo alipo, amagwiritsidwa ntchito kwa odwala kwambiri amene magazi atsika mphamvu. Koma safika muubongo. Mitsempha ya magazi ya muubongo ili ndi mpanda wothina, ndipo dopamine sadutsa. Levodopa amadutsa, n'kukasanduka dopamine m'kati. Amamuphatikiza ndi carbidopa kuti asasandukire panjira, chifukwa akatero munthu amangosanza. George Cotzias wa ku New York ndi amene anaonetsa mu 1967 kuti mulingo wokwezedwa pang'onopang'ono umadzutsa anthu amene anali chigonere.

Levodopa amalimbirana khomo ndi mapuloteni a m'chakudya, m'matumbo ndi pampanda uja. Ngati agogo amwa piritsi pamodzi ndi nsima ya nyemba kapena nyama n'kuona kuti silikugwira, ayese kumwa mphindi 30 asanadye. Pakapita zaka mphamvu yake imayamba kutha msanga, ndipo ena amayamba kupindikapindika ngati akuvina mankhwala akafika pachimake. Sachiza, maselo amapitirira kufa, koma amabweza zaka zambiri za kudzidyetsa ndi kudziveka. Kuno sapezeka nthawi zonse ndipo m'mafamase ndi odula. Asanathe, yambani kufunafuna ena, chifukwa kusiya mwadzidzidzi n'koopsa.

Ndamva kuti kalongonda ndi mankhwala a Parkinson. Ndi zoona?

Muli choonadi, ndipo choonadicho ndi chimene chikuopsa. Nyemba za kalongonda, zimene alimi ena amabzala kuti zibwezeretse chonde m'nthaka, zili ndi levodopa weniweni, magalamu angapo pa magalamu 100 alionse. Ofufuza a ku India anamupeza m'nyembazi mu 1937. Amayi ophika kalongonda amadziwa kuti amafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi anthu amasanza, kuchita chizungulire, ena kubwebweta ngati apenga. Ameneyo ndi dopamine atasefukira pa zolandirira zonse, ndipo n'chimodzimodzi ndi zimene tafotokoza pa misala.

Madokotala ena ayesapo ufa wa nyemba zokazinga kwa odwala Parkinson m'mayiko osauka, ndipo unathandiza. Koma iwo ankayeza mulingo ndi kuyang'anira odwalawo. Nyemba za munda uno ndi za munda uwo sizifanana mphamvu, mulibe carbidopa, ndipo supuni ya kunyumba si sikelo. Musawayambitse agogo nokha. Wodwala misala asayandikire n'komwe.

Mankhwala opopera m'munda angayambitse matendawa?

Ena akuganiziridwa kwambiri. Mu 1982 ku California achinyamata angapo anabaya mankhwala ozunguza bongo opangidwa mobisa, ndipo m'masiku ochepa anauma ngati nkhalamba za Parkinson. Dokotala William Langston anapeza kuti munali poizoni wotchedwa MPTP, amene amasankha maselo a substantia nigra. Poizoniyu akalowa muubongo amasanduka chinthu chofanana kapangidwe ndi paraquat, mankhwala opha udzu. Kafukufuku wa alimi wapeza kuti ogwiritsa ntchito paraquat ndi rotenone amadwala Parkinson kuposa anzawo, ndipo mayiko a European Union analetsa paraquat mu 2007.

Si aliyense wopopera adzadwala. Koma ndikaona mnyamata pa nazale ya fodya atabereka sipuleya yodontha pamsana, wopanda malaya, akusakaniza mankhwala ndi dzanja, mtima umandipweteka.

Pa intaneti amati dopamine ndi amene amabweretsa chisangalalo. Ndi choncho?

Ndi theka la nkhani, ndipo theka lolakwika. Kent Berridge wa ku University of Michigan anaona kuti makoswe ochotsedwa dopamine amanyambitabe milomo ukawadonthezera madzi a shuga pakamwa. Kukoma akukumva. Koma chakudya chili poteropo sapita kukadya, akhoza kufa ndi njala. Dopamine ndi wa kufuna, kukoma kuli ndi timadzi take tina.

Wolfram Schultz anayeza maselo a dopamine mwa anyani m'zaka za m'ma 1990. Nyani akalandira juwisi mosayembekezera, maselo amalira. Akaphunzira kuti nyali ikayaka juwisi akubwera, maselo amalira pa nyali, pa juwisi ayi. Nyali ikayaka juwisi osabwera, maselo amakhala chete kuposa masiku onse. Ndiye dopamine amayeza kusiyana kwa zimene umayembekezera ndi zimene wapeza.

Mlimi wa fodya akuzidziwa bwino izi ngakhale sanamvepo dzina lake. Mabelo apita ku Chinkhoma, foni ili m'manja, ikangolira mtima phaa. Mtengo ukaposa umene amaganiza, amayenda ngati wamwa. Ukafanana ndi wa m'mutu mwake, amangoti chabwino. Ukatsika, kapena belo likabwezedwa, nsima sikoma, ngakhale ndalamazo zitaposa za chaka chatha.

Kubetcha mpira ndi timasewera ta pafoni tija kunamangidwa pamenepa. Mphoto yosadziwika tsiku lake ndi imene imasunga maselowa ali maso. Umboni wake ndi wodabwitsa: odwala Parkinson ena opatsidwa pramipexole kapena ropinirole, mankhwala odzutsa D2 ndi D3, amayamba njuga, kugula zinthu mosaganiza kapena chiwerewere, anthu oti moyo wawo wonse sanachitepo. Mulingo ukatsitsidwa, khalidwelo nthawi zambiri limatha.

Bambo athu amalumbira kuti asiya kachasu ndi fodya, mawa lake ayambiranso. Ndi kusafuna?

Zonse zozunguza bongo zimakweza dopamine ku nucleus accumbens, chilichonse ndi njira yake. Nikotini amafika muubongo m'masekondi ochepa n'kudzutsa mwachindunji maselo opanga dopamine. Mowa ndi chamba zimamasula zimene zimagwira maselowo. Nsima munthu akakhuta, dopamine amatsika. Izi sizikhutitsa, tsiku lililonse zimauza ubongo kuti ichi n'chofunika kuposa zonse.

Ndiye kumbukirani za makutu obwerera m'kati. Nora Volkow ndi anzake ku America anajambula ubongo wa anthu omwerekera ndi mowa ndi mankhwala ena, n'kupeza kuti D2 ndi zochepa poyerekeza ndi za anthu ena. Makutu akachepa, zinthu wamba sizimvekanso: mwana wakhoza mayeso, chimanga chabereka, bambo ali duu. Chimene chikufuula mokwanira ndi botolo lokha. Komanso mwa anyani a Schultz muja, nyali ndi imene inkadzutsa maselo. Nyali ya bambowa ndi njira yodutsa kwa mayi wotcheza kachasu, anzawo a pabawo, tsiku lolandira ndalama. Chibaba chimayamba asanalawe. Ambiri amandiuza okha kuti mowawo sukuwakomanso, koma miyendo imawapititsa.

Izi sizikuchotsa udindo wawo, koma zikusonyeza pogwira. Kulumbira pamaso pa ankhoswe n'kosakwanira ngati njira, anzake ndi ndalama m'thumba zili chimodzimodzi. Ubongo umabwerera pang'onopang'ono, pa miyezi osati masiku, ndipo masabata oyamba zonse zimakhala zosakoma. Womwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye yekha kunyumba mwadzidzidzi, akhoza kukomoka ndi kugwa ngati wa khunyu. Abwere timuthandize kutsika.

Za chamba ndiwonjezere: wachinyamata woyamba msanga ndi kusuta tsiku lililonse ali pa chiopsezo chachikulu cha misala, makamaka ngati kubanja kuli kale wodwala.

Ndili ndi pakati, usiku miyendo imanyerenyetsa mpaka ndidzuke ndiyende. N'chiyani?

Kawirikawiri ndi kuchepa kwa ayironi. Thupi limafuna ayironi popanga dopamine, ndipo vutoli limakonda amayi oyembekezera miyezi yomaliza ndi anthu ochepa magazi. Mapiritsi a magazi a kusikelo aja musawaponye pansi pa mphasa. Ambiri zimatha akachira.

Kodi ndingayezetse dopamine wanga, kapena kudya zomuwonjezera?

Kuyeza magazi sikuonetsa dopamine wa muubongo, chifukwa cha mpanda uja. Makina ojambula zolandirira ndi a kafukufuku ndi zipatala zikuluzikulu za kunja. Wina akakuikani kachipangizo padzanja pamsika n'kukuuzani kuti dopamine wanu watsika, gulani botolo ili, sungani ndalama zanu. Nthochi zili ndi dopamine, koma amathera m'mimba. Tyrosine wa mu mtedza ndi nyemba zimene mumadya kale ndi wokwanira, ndipo kudya wambiri sikukweza dopamine, ubongo umapanga mulingo umene ukufuna.

Ife timadziwa za dopamine poona munthu: mmene akulowera pakhomo, mmene manja akugwedera poyenda, mmene chigongono chikupindikira tikachigwira. Ndiye pobwera tengani buku la kuchipatala, timapepala tonse ta mankhwala ngakhale totha, ogula pagolosale ndi a zitsamba omwe, ndipo abwere ndi munthu amene amagona naye nyumba imodzi. Ngati muli ndi foni yojambula, mujambuleni kunyumba kwa masekondi 30 asakudziwa. Kutafuna kwa pakamwa kuja kumakonda kuleka wodwala akangokhala pampando wa dokotala.